Heinrich von Stephan: kalaliki wa pa kauntala amene anatsogolera positi ya Germany zaka 27

Positimasitala Wopuma:
Moni nonse pa gulu. Paja pa 9 October ndi tsiku lokumbukira ntchito za positi pa dziko lonse, ndipo chaka ndi chaka timamva mauthenga a akuluakulu pa wailesi. Koma munthu amene anachititsa kuti tsikuli likhalepo satchulidwa kawirikawiri. Dzina lake ndi Heinrich von Stephan, wa ku Germany. Ndikufuna tikambirane za mkuluyu, makamaka inu amene mukadali m'boma, chifukwa moyo wake ukukhudza nkhani imene timatsutsana nthawi zonse: nthambi ya boma aziyendetsa ndani, munthu amene wakulira momwemo kapena wobwera naye kuchokera kwina?

Anabadwa pa 7 January 1831 m'tauni ya Stolp ku Pomerania. Lero tauniyi ili m'dziko la Poland ndipo imatchedwa Słupsk. Bambo ake anali telala, ana m'banjamo analipo khumi. Ku yunivesite sanapondeko. Mu 1848, ali ndi zaka 17, analowa ntchito pa positi ofesi ya kwawo komweko ngati kalaliki wamba. Kuchoka apo anamutumiza ku Marienburg, ku Danzig, kenako ku Cologne, mpaka mu 1856 anamuitanira ku likulu ku Berlin. Mu 1870 anapatsidwa mpando wa mkulu wa positi yonse, ndipo anakhalapo mpaka imfa yake mu 1897. Zaka 49 pa ntchito imodzi, 27 mwa izo ali pamwamba penipeni.

Maganizo anga ndi akuti zazikulu zimene anachita zinatheka chifukwa ntchitoyo anaiyambira pansi, komanso chifukwa anamusiya pampando nthawi yokwanira kuti amalize zimene anayamba.

Mnyamata wa ku Joni:
Zikomo madala. Koma tiyambe ndi funso la ife osadziwa. Anachita chiyani kwenikweni? Ine ndimadziwa kuti sitampu anayambitsa ndi Mngelezi.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Mukunena zoona achimwene. Sitampu yomata pa envulopu inayamba ku Britain mu May 1840, kutsatira maganizo a Rowland Hill. Iye anakonza za m'dziko mwake: mtengo umodzi wotsika, wolipira ndi wotumiza. Koma kalata ikangodutsa malire, chisokonezo chinali chomwecho. Dziko lililonse linkapangana palokha ndi dziko linzake. Sikelo zosiyana, ndalama zosiyana, ndipo dziko lililonse limene kalata yadutsamo linkafuna gawo lake. Kalata imodzimodzi yopita kumalo amodzimodzi inkatha kukhala ndi mitengo ingapo, kutengera njira ndi sitima imene yaitenga. Chimene Stephan anathetsa ndi chimenecho.

Positimasitala Wopuma:
Aphunzitsi alasa. Ndipo onani kumene anachionera chisokonezocho. Ku Cologne ndi kufupi ndi malire a Belgium ndi Netherlands, njira ya makalata opita ku France ndi ku Britain. Mnyamata uja ndi amene ankakhala pa desiki n'kumawerengetsera kuti pa kalata iyi, zingati ndi za Prussia (ufumu wa ku Germany umene iye ankaugwirira ntchito), zingati za dziko lodutsamo, zingati za kumene ikupita. Amene sanagwirepo ntchito ya pa kauntala sangamve kulemera kwa nkhaniyi. Munthu waima patsogolo pako, envulopu ili m'manja, mzere wafika pakhomo, iwe uli kalikiliki kutsegula mabuku kufunafuna mtengo. Ukalakwitsa, ndalama yoperewerayo ituluka m'thumba mwako.

Nthawi yathu ife zinali zitaphweka kale. Kalata ya kunja umangoiika pa sikelo, kuyang'ana pa tchati chimodzi chokhomedwa pa khoma, kudula masitampu, kumenya chidindo cha tsikulo, basi. Madzulo timamanga makalata m'mitolo, kulemba pepala losonyeza zimene zili m'thumba, kumanga pakamwa pa thumba ndi chingwe, kupanikiza kachitsulo kotsekera, kumangirira chikwangwani cha kumene likupita. Thumba limenelo likatsegulidwa ku London kapena ku Johannesburg, wotsegulayo amamva zonse zimene ndalemba ngakhale sitinaonanepo. Kumvana kumeneku kunachokera ku Bern, mzinda wa ku Switzerland, mu 1874.

NaBanda wa ku Leeds:
Bambo, tafotokozani za ku Bern zo. Ine ndakhala ndikutumiza makhadi ndi timaphukusi kumudzi zaka zonsezi, ndimalipira kuno basi, sindinaganizepo kuti nanga amene akunyamula kuchoka pa bwalo la ndege kukafika kwathu akulipidwa ndi ndani.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Achemwali, funso lanulo ndiye mtima wa nkhani yonse. Ndiyambe ndi kuti Stephan sanali woyamba kuganiza zokumanitsa mayiko. Mu 1863 mkulu wa positi wa ku America, Montgomery Blair, anachititsa msonkhano ku Paris. Kunabwera mayiko 15, anagwirizana mfundo zabwino, koma sizinali zomanga aliyense. Atabwerera kwawo zinthu zinapitirira mwakale.

Mu 1868 Stephan analemba chikalata chofotokoza momwe mgwirizano weniweni ungayendere. Nkhondo ya Germany ndi France ya 1870 mpaka 1871 inachedwetsa zonse. Anadikira, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Boma la Switzerland linavomera kuitana msonkhano, unatsegulidwa ku Bern pa 15 September 1874, ndipo pa 9 October nthumwi zinasaina pangano. Mayiko anali 22: ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo America ndi Egypt. Linayamba kugwira ntchito pa 1 July 1875. Poyamba bungweli linkatchedwa General Postal Union, ndipo mu 1878, mayiko atachuluka, linakhala Universal Postal Union, UPU imene tikuidziwa lero.

Mfundo yaikulu inali yakuti pa nkhani ya makalata, mayiko onse a mu mgwirizano aziwerengedwa ngati dera limodzi. Dziko lisatsekereze thumba la makalata a dziko lina kudutsa. Kalata yochokera kunja isamalidwe mofanana ndi ya m'dziko momwemo. Mtengo anauika pa ma centime 25 (timagawo ta ndalama ya franc) pa kalata yosapitirira magalamu 15. Ndiye chimene chinachotsa mtolo waukulu pa mapewa a makalaliki: dziko limene lagulitsa sitampu lizisunga ndalamayo, osagawananso kalata ndi kalata.

Wophunzira Malamulo:
Pamenepo ndiye pandivuta aphunzitsi. Ngati wogulitsa sitampu ndiye akusunga ndalama yonse, ndiye kuti dziko lolandira likugwira ntchito yaulere? Munthu wanzeru ngati ameneyu sanaone zimenezo?

Mphunzitsi wa Mbiri:
Anaona, koma anawerengera kuti kalata iliyonse imabala yankho. Ukalembera munthu ku Paris, iyenso akulembera, ndiye pakutha pa chaka zolowa ndi zotuluka zifanana. Pakati pa mayiko a ku Ulaya a nthawi imeneyo zinali pafupi ndi zoona. Zinasiya kukhala zoona pamene mayiko osauka anachuluka m'bungwemo. Dziko ngati lathu linkalandira magazini, mabuku ndi makalata ambiri kuposa amene linkatumiza. N'chifukwa chake pa msonkhano wa ku Tokyo mu 1969 anagwirizana kuti dziko lotumiza zambiri lizilipira dziko lolandira. Msonkhano womwewo ndi umene unakhazikitsa 9 October ngati tsiku la positi.

Ndipo mkanganowo sunathe. Malonda a pa intaneti atakula, timaphukusi tochokera ku China tinasefukira, America inadandaula kuti ikulandira ndalama yochepa pogawa katunduyo. Mu October 2018 inalengeza kuti ituluka mu UPU. Anachita kuitanitsa msonkhano wapadera ku Geneva mu September 2019, anasintha kawerengedwe ka mitengo, America n'kukhalabe.

NaBanda wa ku Leeds:
Ndiye kuti pa ndalama imene ndimalipira kuno, kenakake kamafika ndithu kwa amene akugawa kumudzi. Mtima wanga wakhala pansi.

Kalaliki wa ku Capital Hill:
Ndabwera mochedwa koma ndawerenga zonse. Madala, ndikuvomereza kuti munthuyu anali katswiri. Koma mfundo yanu yakuti zinatheka chifukwa anakulira momwemo, ine ndikuikayikira. Tisaiwale kuti kumbuyo kwake kunali Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany, ndi asilikali a Prussia. Mayiko anamvera Stephan ku Bern chifukwa ankayankhulira dziko limene linali litangogonjetsa France. Akanakhala mkulu wa positi wa kadziko kakang'ono, chikalata chake cha 1868 chija chikanangofera mu kabati.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Apa a Kalaliki ali ndi mfundo, ndipo nkhani ya Thurn und Taxis ikuwachitira umboni. Limeneli linali banja lolemera limene linayendetsa makalata ku Ulaya kuyambira cha m'ma 1500, ndipo pofika m'ma 1860 linali likuyendetsabe positi m'timayiko tambiri ta Germany, likulu lake lili ku Frankfurt. Mu 1866 Prussia itamenyana ndi Austria, asilikali ake analowa mu Frankfurt, ndipo amene anatumidwa kukalanda maofesi a banjali anali Stephan. Mu 1867 banjalo linasaina kupereka positi yake yonse ku Prussia, n'kulandira chipukutamisozi cha ma thaler (ndalama ya nthawiyo) 3 miliyoni. Pa 1 July chaka chomwecho ntchito ya zaka mazana inatha. Kukambirana kwake kunachitika asilikali ali kale m'tauni.

Positimasitala Wopuma:
Sindikukana ana anga. Mphamvu inalipo. Koma msilikali angathe kulanda ofesi, sangathe kuuza makalaliki kuti mawa m'mawa thumba la ku Kassel likwere sitima iti. Positi ili ndi vuto limodzi limene nthambi zina zilibe: siungaitseke mwezi umodzi kuti ukonze zinthu. Makalata a lero ayenera kuyenda lero. Kutenga antchito a bungwe lina, mabuku awo, mitengo yawo, njira zawo, n'kuziphatikiza ndi zako makalata akuyendabe, pamafunika munthu wodziwa kuti ntchitoyo imagwiridwa bwanji ndi manja. Bismarck anali ndi anthu ambiri ophunzira malamulo ndi ana a mabanja otchuka. Anatuma mwana wa telala chifukwa ndi amene ankadziwa.

Ndipo za ku Bern, kumbukirani kuti America nayonso sinali kadziko kakang'ono mu 1863, koma msonkhano wa ku Paris sunabale pangano. Kusiyana kwake n'kwakuti Stephan anafika ndi chikalata chokonzeka, ndime ndi ndime, chimene anthu a positi a mayiko ena atawerenga anaona kuti chingagwire ntchito pa kauntala. Anali atayesera kale zimenezi kwawo, pophatikiza mapositi a timayiko ta Germany ndi pokambirana mapangano ndi mayiko oyandikana nawo.

Mayi a Mapasa:
Ine za mayiko sindizidziwa, koma ndikufuna ndinene chimene positi inali kwa ife. Bambo anga anagwira ntchito ku migodi ku Joni. Kumudzi kwathu kunalibe adiresi, tonse tinkagwiritsa ntchito bokosi la sukulu. Ahedi ankatuma mwana wamkulu pa njinga kukatenga makalata, ndiye pa asembule ankaitana mayina. Ukamva dzina la amayi ako umathamanga, envulopu ija ya mizere yofiira ndi yobiriwira m'mphepete umaibisa mkati mwa buku kuti isade. Kufika kunyumba amayi ankayamba kaye kuisinkhasinkha m'manja, kenako n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza, pang'onopang'ono, ndipo pena ankati ndibwerezenso. Bambo anagula sitampu kumeneko, kalata inadutsa malire angapo, palibe anatiuza kuti tilipirenso. Lero ndi pamene ndikumva kuti panali pangano lochititsa zimenezo.

Mnyamata wa ku Joni:
Amayi mwandikumbutsa agogo anga. Ife lero timangotumiza pa foni, mphindi imodzi ndalama yafika. Koma njira anatsegula ndi iwowo.

Mphunzitsi wa Mbiri:
Poti mwatchula foni, mkulu yemweyu alinso m'nkhani imeneyo. Mu 1876 positi ndi telegalamu ku Germany zinaphatikizidwa pansi pa iye. Chaka chotsatira, mu October 1877, analandira mafoni awiri a mtundu umene anapanga Alexander Graham Bell, n'kuwayesa mu Berlin momwemo. Ataona kuti mawu akumveka, sanachedwe, anadziwitsa Bismarck. Chimene chimandisangalatsa ndi momwe anaganizira zoigwiritsa ntchito poyamba. Telegalamu inkafuna munthu wophunzitsidwa zizindikiro za Morse, ndipo timapositi ta kumidzi tinalibe anthu otero. Stephan anaona kuti foni angaigwiritse ntchito kalaliki aliyense. Ndiye anaika mafoni m'timaofesi ting'onoting'ono kuti uthenga uzinenedwa pakamwa kupita ku ofesi yaikulu, kumeneko n'kuutumiza pa telegalamu. Malo olumikizira mafoni a anthu wamba mu Berlin anatsegulidwa mu 1881.

Positimasitala Wopuma:
Mwaona? Amenewo ndi maganizo a munthu amene anakhalapo mu ofesi ya kumudzi. Wina akanaona foni ngati chida cha nduna ndi amalonda a mu mzinda. Iye anayamba waganiza za ofesi imene ili ndi wantchito mmodzi.

Muonjezepo positikhadi. Mu 1865, pa msonkhano wa mapositi a Germany ku Karlsruhe, anabweretsa maganizo a kapepala kolimba kolembapo uthenga waufupi popanda envulopu. Akuluakulu ake anakana, ati n'zosayenera kuti uthenga wa munthu uzioneka kwa aliyense. Austria ndi imene inayamba kugulitsa makhadi otere pa 1 October 1869, kutsatira nkhani imene analemba Emanuel Herrmann. Stephan atangokhala pampando mu 1870 anawayambitsa kwawo. Nkhondo ndi France itabuka chaka chomwecho, asilikali anawagwiritsa ntchito kwambiri kulembera kwawo, poti munthu ali ku nkhondo alibe nthawi yolemba masamba atatu. Mu 1872 anatsitsa mtengo wa khadi kufika theka la kalata. Chaka chomwecho anakhazikitsanso nyumba yosungiramo zinthu zakale za positi mu Berlin, imene ilipo mpaka lero.

Wophunzira Malamulo:
Bambo, ndikupempha tisamupange mngelo. Ndawerengako za momwe ankakhalira ndi antchito ake, ndipo si nkhani yokoma. Mu 1890 makalaliki a m'maudindo apakati anayambitsa bungwe lawo loti liziwayankhulira. Stephan analiona ngati kugalukira. Amene ankatsogolera ankavutitsidwa, ena kusamutsidwa. M'nyumba ya malamulo aphungu, makamaka a chipani cha Social Democratic, ankadzudzula malipiro ochepa ndi maola ataliatali a antchito apansi, pamene nthambiyo inali kumanga nyumba za positi zokongola ngati za mafumu m'mizinda yambiri. Ndiye funso langa ndi ili: munthu amene anayamba ngati kalaliki, bwanji anaumira mtima makalaliki anzake?

Kalaliki wa ku Capital Hill:
Limeneli ndiye funso. Ndipo ndinene zimene ndaona pa ntchito, osatchula malo. Bwana amene anakwera kuchokera pansi nthawi zina ndi amene amavuta kwambiri. Ukamudandaulira amakuuza kuti iye anavutika kuposa pamenepo ndipo sanafe. Amadziwa njira zonse zimene wantchito angazembere, ndiye amatseka paliponse. Chinanso, munthu akakhala pampando zaka zoposa makumi awiri, onse omuzungulira amakhala oti anawakweza yekha. Palibe amene angamuuze kuti bwana apa mwalakwa.

Positimasitala Wopuma:
Zimenezo n'zoona ndipo zimandipweteka, chifukwa ndi mbali ya munthu amene ndimamulemekeza. Ankaona positi ngati gulu la asilikali: yunifolomu, kumvera, osayankha. Dziko lake lonse linali lotero nthawi imeneyo, koma chimenecho sichimuchotsera mlandu. Wonyamula thumba mumvula ndi amene anachititsa kuti pangano la ku Bern likhale chinthu chenicheni, ndipo anayenera kumvedwa.

Pa za nyumba zokha ndiye ndimuikira kumbuyo. M'tauni yaing'ono, positi ofesi ndiyo nkhope ya boma imene munthu wamba amaiona sabata ndi sabata. Kumeneko amasiya kalata yake, ndalama yake, chinsinsi chake. Akapeza denga likudontha ndi kauntala yothyoka, amayamba kukayika ngati katundu wake afika. Nyumba yolimba ndi mbali ya ntchitoyo. Cholakwika chinali kumanga nyumba n'kuiwala amene akugwira ntchito m'katimo.

NaBanda wa ku Leeds:
Nanga za atsamunda? Zaka zimenezo ndi zomwe Germany inkalanda mayiko kwathu ku Africa. Iyeyu analibe nazo gawo?

Mphunzitsi wa Mbiri:
Anali nalo achemwali. Kuyambira mu 1885 boma la Germany linayamba kuthandiza ndi ndalama sitima za pamadzi zonyamula makalata kupita ku Asia ndi ku Australia, ndipo mu 1890 anaonjezera njira ya kum'mawa kwa Africa. Chaka chomwecho anatsegula mapositi a Germany ku Dar es Salaam ndi ku Bagamoyo. Zonsezi zinali pansi pa ofesi yake. Dera limenelo, limene mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania, linkafika mpaka m'mphepete mwa nyanja yathu chakumpoto. Positi inkayenda limodzi ndi mbendera, ndipo oyamba kupindula anali asilikali, amalonda ndi azungu a boma.

Kwathu kunonso zinali chimodzimodzi pansi pa Angelezi. Makalata a kunja ankalowera ku Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja yaikulu, n'kukwera ndi mtsinje wa Shire kudzera ku Chiromo. Kuchoka apo ankayenda pamutu pa amtengatenga, anthu athu, wapansi, usiku ndi usana, m'njira za zilombo. Amene mumadutsa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, pa Namaka pali kanyumba kamene amtengatenga ankapumirapo ndi kusinthana matumba, pano ndi malo osungirako mbiri ya positi. Pangano linasainidwa ku Bern, koma kuno linayenda ndi miyendo ya anthu amenewo.

Mayi a Mapasa:
Pa Namaka ndimadutsapo kawirikawiri koma sindinaimepo. Ulendo uno nditsika ndi ana akaone.

Mnyamata wa ku Joni:
Funso lina. Bungwe limeneli mpaka lero likuyendetsedwa ndi azungu okhaokha?

Kalaliki wa ku Capital Hill:
Ayi achimwene. Lili ndi mayiko 192, Malawi ali momwemo, ndipo kuyambira 1948 ndi nthambi ya United Nations. Likulu likadali ku Bern. Kuyambira 2013 mpaka 2021 mkulu wake anali Bishar Hussein wa ku Kenya. Ndipo madala akondwa kumva izi: iyenso anakulira mu positi ya kwawo, analowa m'ma 1980, n'kudzakhala mkulu wa Postal Corporation of Kenya mu 1999. Anamulowa m'malo ndi Masahiko Metoki wa ku Japan. Kuno ku Africa tilinso ndi bungwe lathu la mapositi, likulu lake ku Arusha.

Koma ndisasiye mfundo yanga ija. Stephan atamwalira, amene anaikidwa pampando wake sanali munthu wa positi. Anali Victor von Podbielski, mkulu wa asilikali wopuma amenenso anali phungu. Anthu a m'nthambimo ayenera kuti anadabwa. Koma positi ya Germany sinagwe. Ndipo nkhani imene inakhala ikuvuta zaka zomaliza za Stephan, ya timakampani ta eni tomwe tinkagawa makalata m'mizinda pa mtengo wotsika kuposa wa boma, inathetsedwa mu 1900 pansi pa msilikaliyo. Ndiye wochokera kunja nayenso amatha.

Positimasitala Wopuma:
Amatha, makamaka akapeza nyumba yomangidwa kale. Podbielski anakhala pampandowo zaka zinayi zokha, mpaka 1901, ndipo amene anabwera pambuyo pake, Reinhold Kraetke, anali munthu wa positi amene anakulira momwemo. Ine sindikunena kuti wochokera kunja asalowe. Pena amafunika ndithu, kuti afunse mafunso amene ife a m'katimo tinasiya kufunsa. Chimene ndikukana ndi kusinthasintha atsogoleri zaka ziwiri zilizonse, aliyense n'kubwera ndi ndondomeko yake, kusiya ya mnzake ili pakati. Werengani nokha: maganizo a positikhadi 1865, kuchitika 1870. Chikalata cha mgwirizano 1868, kusaina 1874. Kuyesa foni 1877, lamulo loika matelegalamu ndi mafoni m'manja mwa boma 1892. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikanatheka pa kontirakiti ya zaka zitatu.

Wophunzira Malamulo:
Ndiye tingati pakufunika nthawi yaitali, koma pakhale omuyang'anira amphamvu. Aphungu omufunsa mafunso, bungwe la antchito limene sangalithetse, ndi owerengera ndalama osamuopa. Stephan nthawi anali nayo, koma antchito ake analibe pokadandaula.

Kalaliki wa ku Capital Hill:
Pamenepo ndingasaine. Koma zaka 27 ine ndikuonabe kuti n'zambiri, ngakhale munthuyo akhale waluso chotani. Khumi zikwana.

NaBanda wa ku Leeds:
Bambo, anapuma liti? Kapena anafera pa ntchito?

Positimasitala Wopuma:
Sanapume mwana wanga. Ulemu analandira ali moyo: mu 1880 anakhala mlembi wamkulu wa ofesi ya positi ya ufumu wonse, mu 1885 mfumu inamupatsa ulemu wa mabanja apamwamba, ndi pamene dzina lake linalandira kachidutswa kaja ka "von", ndipo mu 1895 anapatsidwa udindo wofanana ndi nduna. Koma matenda a shuga anamugwira. Kumayambiriro kwa 1897 madokotala anayamba ndi kudula chala cha kuphazi, bala silinapole, kenako anadula mwendo. Anamwalira ku Berlin pa 8 April 1897 ali ndi zaka 66, akadali pampando. Msonkhano waukulu wa UPU wa chaka chimenecho unatsegulidwa ku Washington mwezi wotsatira, iye kulibe.

A Kalaliki, pa zaka khumi zanuzo tiwerengere bwino. Akanachoka mu 1880, pangano la ku Bern, positikhadi ndi kuphatikiza telegalamu zikanakhala zitachitika kale, ndipo mkangano ndi antchito wa m'ma 1890 sukanakhala pa dzina lake. Koma mafoni a m'mizinda akanawasiya asanayambe n'komwe. Ine ndingamupatse khumi ndi zisanu.

Mayi a Mapasa:
Shuga yemweyu amene akutivutitsa lero. Abale, amene muli nayo muziyang'ana mapazi tsiku lililonse, kabala kakang'ono musakachedwe nako kunyumba.

Kalaliki wa ku Capital Hill:
Khumi ndi zisanu ndalola madala, koma pakhale lamulo lolembedwa, osati kudikira kuti mwini wake anene yekha kuti watopa.